Ndinakwirira Manda Anga ku Chikweo

Asalamu alaikumu. Ndi inu a mipingo ina, moni nonse. Amene mwakhala kumbuyoko, ngati mawu sakufika mukweze dzanja.

Dzina langa ndine Jafali, kwathu ndi ku Chikweo, ntchito yanga ndi ya matabwa. Ndaona kale ena mukutsinana. Eya, ndine yemweyo. Ndine Mjomba Bwetu wa pa foni uja, wa chikhoti chong'ambika ndi nsapato zosiyana, amene ankafunsa ngati sitima imadya chimanga. Sekani, musachite manyazi. Munandiseka kwa zaka, lero kuseka kwanu sikungandithyole fupa.

Akuluakulu a gulu lino andipempha kuti ndifotokoze mmene ndinachokera pa tsamba lalikulu la mchezo lija. Dzina lake sinditchula. Ndinalitsatsa mokwanira popanda malipiro.

Ndinafika ku Balaka ndi zida zimene anandisiyira malemu bambo anga: sowo, landa yopalira matabwa, matchizulo ndi hamala. Ndinali ndi kashedi kufupi ndi msika, mkazi wanga Asiyatu, ndi ana awiri. Tsamba ndinatsegula kuti anthu aziona mabedi ndi zitseko zimene ndinkakhoma. Koma ndikaika chithunzi cha bedi lopala bwino, lopaka vanishi, oliona anali mlamu wanga ndi munthu wina wongofunsa mtengo n'kusowa.

Tsiku lina mnzanga Dayisoni, wometa tsitsi pafupi ndi shedi yanga, anandijambula ndikuyerekeza mmene nkhalamba ya kwathu imayankhulira ikafika m'tauni, Chichewa chake chopotoka, chosakaniza ndi Chiyao. Anaika kanemayo pa tsamba langa. Pofika madzulo foni inali itatentha ngati mbaula. Anthu a ku Blantyre, a ku Lilongwe, ngakhale a ku Joni, onse akufa ndi phwete.

Kuyambira pamenepo makina a kampani ija anandiweta ngati galu. Ndikaika bedi, zii. Ndikagwa m'matope, andiponyera fupa. Ndikaika chitseko, zii. Ndikayerekeza kuti sindidziwa kutsegula botolo la zakumwa, fupa lalikulu. Galu sachedwa kuzindikira kumene kukuchokera mafupa. Ndinasiya kupala matabwa. Ndinagulitsa landa ya bambo anga kuti ndigule nyale yozungulira ija yowalitsa nkhope. Matchizulo anathera mabandulo. Munthu akabwera kudzafunsa bedi lake limene anapereka kale matabwa, ndinkamuuza kuti abwere mawa, ndili pa ntchito. Ntchito yake iti? Kudzipaka ufa kumaso n'kumathamangitsa nkhuku.

Ndipo chimene ndinkagulitsa chinali mtundu wanga. Anthu a m'tauni amakonda kumva kuti Myao wa kumudzi ndi mbuli, ndiye ine ndinkawapakulira mbale yodzaza tsiku lililonse. Kayendedwe ka Mjomba Bwetu ndinatengera kwa amalume anga enieni, Che Saidi, amene amatsimphina chifukwa ng'ombe inawaponda ali mnyamata.

Mukufuna kudziwa zimene ndinapindula? Chipewa cha ulere kuchokera ku shopu ina, ndi kukuwiridwa pa depoti kuti "Bwetu! Bwetu! Tagwa pansi tikuone!" Kampaniyo inkaika malonda ake pambali pa nkhope yanga, ine n'kumagula bandulo ndi ndalama yanga kuti ndiigwirire ntchito. Ngakhale pa esiteti ya fodya wa tenanti amapatsidwa chimanga.

Asiyatu anapirira mpaka tsiku limene mwana wathu wamkulu, Shakira, anabwera ku sukulu akulira, anzake atamuzungulira kuti agwe pansi ngati bambo ake. Anamanga katundu osakweza mawu.

"Bambo a Shakira," anatero, "ine ndinakwatiwa ndi kalipentala. Chitsiru ichi sindikuchidziwa. Mukadzamupeza mwamuna wanga, mudzamuuze kuti ndili kwathu ku Mposa."

Ine ndinamujambula akukwera minibasi, ndinaikapo nyimbo yachisoni, n'kulemba kuti mkazi wa Mjomba wathawa. Anthu anaseka kwambiri. Ameneyo ndi amene ndinali.

Kenako mafupa anayamba kuchepa. Palibe anandiuza chifukwa. Kwinakwake kutali, anthu amene sadziwa ngakhale kuti Balaka ali kuti anatembenuza kanthu m'makina mwawo, ndipo makanema anga anasiya kufika kwa anthu. Kunatulukanso zitsiru zina zatsopano, zogwa m'matope akuya kuposa anga. Ndinkadzuka n'kuyang'ana foni, kudya ndikuyang'ana foni, ngakhale ku mzikiti dzanja linkayabwa m'thumba.

Ndi Dayisoni amene anabweretsa nzeru ija. Ndikuti nzeru, koma mumvetse.

"Aise," anatero, "anthu amakonda munthu akafa. Ufe tsiku limodzi, mawa lake udzuke. Dziko lonse ligwedezeka."

Ndinagona pa benchi ya mu saluni yake, anandifunditsa nsalu yoyera mpaka kumutu, phazi limodzi lili panja. Anandijambula n'kulemba pa tsamba langa kuti Mjomba Bwetu wagundidwa ndi lole, thupi lili ku chipatala, lipita kumudzi mawa masana. Ndinazimitsa foni n'kukabisala m'kachipinda ka alendo ku Liwonde. Za ku Chikweo sindinaziganizire n'komwe. Mumtima mwanga anthu a kwathu anali mbuli zomwe zija ndinkayerekeza, zosadziwa foni ya intaneti.

M'mawa mwake Dayisoni anatulukira thukuta lili kamukamu.

"Zavuta. Abale ako afika ku chipatala ndi galimoto ya hayala. Akufuna thupi. Akuti kumudzi ayamba kale kukumba."

Inu Asilamu anzanga mukudziwa kuti ife sitigoneka maliro. Uthenga ukafika, makasu amatuluka.

Ndinakwera minibasi mpaka pa Ntaja, kuchokera pamenepo njinga yamoto. Wa kabazayo anandizindikira, ndipo njira yonse ankaseka mpaka njinga kumadzandira.

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Pabwalo pa amayi panali anthu ambirimbiri. Njinga zakapalasa zinali zitatsamira mitengo ya mango mbali zonse, ena anayenda wapansi kuchokera ku nyanja ya Chiuta, ena anachokera ku Nayuchi. Jeneza lonyamulira maliro linali pakhonde, nsalu ya sanda yokulungira mtembo itadulidwa kale. Mayi wina amene ankatunga madzi atandiona anagwetsa ndowa n'kukuwa. Amayi ena anathawa balalabalala, ana akulira. Amuna okha anangoima chilili.

Che Saidi anatuluka m'khamu muja akutsimphina, kutsimphina komwe kuja ndinkasekesa nako dziko. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Sanandimenye. Bwenzi zili bwino akanandimenya.

"Jafali, ndiwe?"

"Ndine, amalume."

"Lole ija?"

"Kunalibe lole. Zinali zamasewera."

"Zamasewera," anabwereza, ngati akulawa chinthu chowola. "Tiye ukawaone mayi ako. Usathamange. Anagwa dzulo atamva."

Amayi anali atagonekedwa pa mphasa m'nyumba. Pakamwa pawo panali patakhotera mbali imodzi, dzanja lamanja lili lende. Ndinagwada. Anakweza dzanja lamanzere n'kundisisita kumaso, m'makutu, m'khosi, ngati mmene amachitira ndi mwana wobadwa kumene. Kenako anayankhula m'Chiyao, mawu akutuluka movutikira.

"Anthu ako a mu foniwo anakupatsa chiyani?"

"Amandikonda, amayi."

"Abwera angati?"

Ndinayang'ana pakhomo. Panja panali alimi a chinangwa ndi thonje, asodzi onunkha utsi wa nsomba, amayi amene anasiya ntchito zawo kudzaphika pa maliro anga. Mbuli zanga zija. Mwa anthu onse amene ankati amafa nane, panalibe ngakhale mmodzi.

Amalume anandikodola. Tinayenda kupita kumanda, amuna onse akutitsatira mwakachetechete. Dzenje linali litatha, lokumbidwa bwino, makona ake owongoka, ndi kachipinda kam'mbali kogonekamo thupi. Anthu anakhetsa thukuta pamenepo, nthaka ya chilimwe youma ngati njerwa. Okumba anali atakhala pa mulu wa dothi, matuza ali m'manja.

"Anzathu ena zikatere amaponyamo thunthu la nthochi," anatero Che Saidi. "Ife sitiponyamo kanthu. Mpatseni fosholo."

Wina anafuna kundithandiza, koma amalume anakweza ndodo.

"Iyayi. Mwini nyumba wabwera. Atseke yekha."

Abale anga, munayamba mwayang'anamo m'manda anu? Ine ndinayang'anamo. Anandiyeza bwino, kutalika kwake kunali kwanga ndendende. Ndinayamba kuponyamo dothi. Manja amene anazolowera kusisita galasi la foni anatuluka matuza ndisanafike pena paliponse. Matuza anaphulika, mpini wa fosholo unayamba kuterera. Palibe anaseka, palibe anajambula, palibe anayankhula. Kumveka kunali kwa dothi lokha likugwera pansi, di, di. Kwa zaka ndinkafuna maso a anthu. Tsiku limenelo ndinawapeza, ndipo ndinkalakalaka nthaka itandimeza ndithu.

Nditamaliza, shehe wa m'mudzimo anangoti, "Tsiku lina tidzakumbanso. Uyesetse kuti tidzabwere ndi mtima wonse." Anthu anatenga njinga zawo n'kumapita.

Mwina mukuganiza kuti ndinachira pomwepo. Ayi ndithu. Uchitsiru suchoka ngati chimfine. Nditabwerera ku Balaka, manja ali omanga nsanza, chinthu choyamba chinali kuyatsa foni kuti ndione kuti andilira bwanji. Ena analemba kuti ndiuse mumtendere. Ena anaika tinkhope toseka. Wina analemba kuti mbuli yachepa imodzi. Pansi pa chithunzi cha mtembo wanga, mayi wina ankatsatsa nsapato za kaunjika, bambo wina mankhwala obweza mkazi wothawa. Amenewo ndiwo anali maliro anga a pa intaneti.

Ndinati ndilowe ndilembe kuti ndili moyo. Tsamba linakana. Pamwamba pa dzina langa panali patalembedwa kuti ndi tsamba lokumbukira malemu. Anthu anali atauza kampaniyo kuti ndafa, iyo n'kukhulupirira, n'kutseka chitseko.

Ndinalemba madandaulo. Anati nditumize chithunzi cha chiphaso. Ndinatumiza. Yankho linabwera m'Chingerezi, lopepesa chifukwa cha imfa ya wokondedwa wanga. Ndinatumiza chithunzi nditanyamula chiphasocho pafupi ndi nkhope. Anandipepesanso. Ndinapita kumene ndinkagula mabandulo, mtsikana wa pa kauntala anati, "Bambo, ife timangogulitsa bandulo. Eni tsambalo alibe ofesi kuno." Ndinafunsa kuti nanga ali kuti. Anakweza mapewa. Ndinatsegula tsamba lina ndi dzina langa lomwelo, analitseka, ati ndikunamizira kukhala munthu womwalira.

Taganizani. Amayi anga, odwala, osadziwa kuwerenga, anangondigwira kumaso n'kudziwa kuti ndili moyo. Chikampani cha makina odzaza nyumba, chimene chinkadziwa nthawi imene ndimadzuka ndi mtundu wa nsapato umene ndimasirira, chinalephera. Sikuti sichikanatha. Sichinaone chifukwa chovutikira. Zithunzi za ana anga ali makanda, mayina a makasitomala anga akale, zonse zinatsekeredwa m'menemo mpaka lero. Ndinamanga nyumba pa malo a eni, eni ake osawadziwa nkhope.

Foni ija ndinagulitsa, ndinagula kafoni ka mabatani. Ndinakapempha ganyu kwa kalipentala wina amene kale ndinkamuderera, ndinayamba ndi kupala matabwa ndi kusesa utuchi. Loweruka lililonse ndinkapita ku Chikweo kukawatengera amayi ku chipatala kokawongola dzanja. Pang'onopang'ono ndinagulanso zida, zakale, za pa msika. Landa ya bambo anga sindinaipezenso.

Amene ananditengera ku zimene tasonkhanira lero ndi Mayi Edina, awo akhala kutsogolowa, amene ali ndi shopu yosindikiza mapepala ku Balaka. Anabwera kudzakhometsa mashelefu. Atawaona anati, "Ntchito yabwino chonchi, bwanji simuionetsa pa bwalo lathu?"

Ndinati, "Mayi, ine za intaneti ndinalapa. Kumeneko ndine malemu."

Anaseka mpaka kupukuta misozi. Kenako anandifotokozera. Anati gulu la amisiri ndi ochita malonda linatsegula bwalo lakelake la mchezo. Amasonkherana kangachepe kulipira makina osungira zinthu zawo, amene amawatcha seva, ndipo malamulo amapanga okha pa msonkhano. Woyang'anira ndi Mayi Edina omwewo, mothandizana ndi anthu ena awiri osankhidwa.

"Ndiye ndizicheza ndi anthu a ku Balaka okhaokha?" ndinafunsa.

"Iyayi. Mabwalo otere alipo ambiri, lililonse ndi eni ake, koma ndi olumikizana. Asodzi a ku Chiuta ali ndi lawo, aphunzitsi ena ku Zomba ali ndi lawo, ena ali kunja kwa dziko. Inu muli kwathu kuno mutha kutsatira munthu wa bwalo lina, iye n'kumakuyankhani. Monga mmene foni ya kampani ina imaimbira ya kampani ina."

"Nanga mukadzanditsekera?"

"Mudzabwera pa shopu kudzandifunsa. Mukapanda kukhutira, mudzadandaula ku msonkhano. Mukatopa nafe, mudzasamukira bwalo lina, ndipo okutsatirani adzakupezani komweko."

"Nanga wina akadzakuuzani kuti ndafa?"

"Ndidzatuma munthu akaone ngati shedi yatsegulidwa."

Ndinalowa. Ndisakunamizeni, masiku oyamba ndinaona ngati ndalowa m'nyumba ya maliro. Phee. Palibe makina okukankhira makanema a ndewu, palibe zotsatsa, zimene anthu alemba zimangobwera motsatana mmene azilembera, ukafika pothera ndiye kuti zatha. Chala changa chinkapitiriza kukanda galasi ngati nkhuku yofukula pa simenti. Ndinaika chithunzi cha chitseko. Anachiona anthu ochepa. Koma mwa ochepawo, msodzi wina wa bwalo la ku Chiuta anafunsa ngati ndingamukhomere mabokosi onyamulira nsomba zouma. Anabwera, tinagwirizana, mpaka lero ndi kasitomala wanga.

Galu wakale uja anadzukanso kamodzi. Nditaona kuti anthu sakuchuluka, ndinavala chikhoti chija, ndinajambula Mjomba Bwetu akufunsa ngati seva imadyedwa ndi mchere. Dzuwa lisanapendeke Mayi Edina anatulukira pa shedi, wapansi, ambulera ili m'manja.

"A Jafali, lamulo lathu munalimva. Kuno sitinyoza mtundu wa munthu."

"Koma ndi mtundu wanga womwe."

"Ndiye chifukwa chake zikumvetsa chisoni kwambiri. Muchotsa nokha, kapena ndichotse ine?"

Ndinakwiya, ndinawauza mawu angapo. Iwo anangokhala pa benchi kudikira. Ndinachotsa. Atapita ndinaona kuti mkwiyo wanga uli ndi kokafika, kwa munthu wa nkhope ndi dzina, amene mawa ndikumana naye pa msika. Chikhoticho ndinang'amba, ndimapukutira vanishi.

Musamve ngati ndikukuitanirani ku paradiso. Seva yathu nthawi zina imagwa, timadikira. Pa msonkhano timakangana za zopereka mpaka mawu kusasa. Mabwalo ena ndi a anthu akuba ndi otukwana, ndipo tinachita kuwadula kuti asamatifike. Abale anu ambiri simukawapezako, adakali uko akugwira ganyu yaulere. Kutchuka kulibe. Amene mukufuna kukuwiridwa pa depoti, khalani komwe muliko, matope akadalipo ambiri.

Koma amene mwatopa, yambani lero kukopera manambala a makasitomala anu ndi zithunzi za ana anu, muzisunge panokha, chitseko chisanatsekedwe. Musanalowe bwalo lililonse funsani kuti woyang'anira ndani, amapezeka kuti, malamulo ake ndi otani, ndipo amalipira seva ndani. Akakuuzani kuti zonse ndi zaulere ndipo mwini wake sadziwika, gwirani chikwama chanu muthawe. Tsamba lakalelo musalitseke mwaphuma. Lembanipo kumene mwasamukira, mubwereze kangapo, kenako muchotse chinthucho mu foni kuti chala chisamapiteko chokha. Mukagwirizane ndi anzanu a ntchito imodzi kuti musamukire limodzi, chifukwa wosamuka yekha amabwerera. Ndipo mwezi woyamba mudzaboweka. Pirirani. Kubowekako ndi ubongo wanu umene ukubwerera m'malo mwake.

Amayi tsopano amayenda ndi ndodo, dzanja limagwira kapu koma khasu ayi. Chimenecho palibe bwalo lingachikonze. Che Saidi amandiyankha moni, koma sanabwerebe kudzaona shedi yanga.

Za Asiyatu ndiye izi. Ndinapitako ku Mposa ndi ankhoswe, anatilandira bwino, anatiphikira, koma anati sanaonebe kalipentala uja. Ana amabwera pa holide. Iye amasoka zovala, ndipo gulu lawo la amayi osoka linatsegula bwalo lawo chaka chino. Sindinamuuze kuti anditsatire, ndinali ndi manyazi.

Sabata yatha ndinaika chithunzi cha mpando wa telala umene ndinakhoma, wa mlombwa, wopanda msomali ngakhale umodzi. Anthu angapo anayamikira. Kenako pansi pake panabwera mawu ochokera ku bwalo la amayi osoka, dzina lake lenileni, Asiyatu. Analemba kuti, "Mwendo wakumbuyo ndi waufupi."

Ndinatenga tepi n'kuyeza. Unalidi waufupi.

Ndaukonza. Uli panjapo, ndaumangirira pa njinga. Ndiye mundikhululukire, a tcheya, mafunso ayankhe Mayi Edina. Ku Mposa ndi kutali, ndipo ndikufuna ndikafike kukadali kowala, kuti akauyeze yekha.